Tinapita Kukafunsira Mbeta ndi Buku la Chifalansa

Tinanyamuka ku Nabvutika, komboni yathu m'Chipata, dzuwa litangotuluka, ine ndi akulu anga a Fabiano. Tinkapita kumudzi wina kufupi ndi Tamanda kukamufunsira mbeta Limbikani, mwana wa malemu mlongo wathu. Mtsikanayo, Tereza, analinso ndi wina womuzungulirazungulira, wogula thonje, choncho mwayi wathu unali umodzi wokhawu.

Ine ndinanyamula nkhuku ndi shuga. A Fabiano, amene anaphunzitsa Chifalansa kusekondale mpaka kupuma, ananyamula buku. Munthu wamkulu ndithu, kupita kukapempha mkazi buku lili kukhwapa!

Pasiteji m'tauni tinakwera minibasi ya msewu wa ku Lundazi, makwacha makumi asanu pamutu, anayi pampando wa atatu. Tisanatuluke n'komwe m'Chipata, sukulu inayamba. A Fabiano anagwira mayi wina amene anafukata thumba la nshawa, n'kumuuza kuti moyo unayambira m'madzi, tinthu tosaoneka ndi maso, kenako nsomba, kenako zokwawa, mpaka ife. Akuti asayansi atanena zimenezi, alembi a ku Falansa anatengeka nazo. Ena anayamba kupeka nkhani za anthu a m'mapanga olimbirana moto. Ena ankatsata banja limodzi mibadwomibadwo, kuonetsa kuti uchidakwa ndi misala zimayenda m'magazi ngati mtundu wa mbuzi.

"Nanga iwowo analipo?" anafunsa mayiyo.

"Ndi sayansi, mayi."

"Oo," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Ine mabuku amenewa amandinyansa, ndinene pano. Munthu wakhala m'nyumba yofunda ku Ulaya, phanga sanalowemo, koma akudziwa mmene munthu woyamba ankayetsemulira. Ndipo chithunzi cha munthu woyambayo chikakhala pachikuto, amakhala wakuda, wamphuno yophwatalala. Akulu anga amachisisita chikutocho osaona kuti ajambulidwa ndi iwo.

Pamphambano tinatsika n'kugula vitumbuwa ndi thobwa la munkhoyo podikira galimoto yolowera kumidzi. Apa ndinawachonderera.

"Akulu, uko mukangonena zitatu. Mwana ndi wathu, ngwakhalidwe, ali ndi ntchito yake ya ukalipentala. Basi."

"Iwe, ine ndayankhulapo pamaso pa azungu. Undiphunzitse lero?"

Inabwera kanta ya feteleza. Tinakhala pamwamba pa matumba, fumbi lofiira likutilowa mpaka m'mano, ndipo nkhuku inandidetsera buluku langa la kutchalitchi. Tinafika dzuwa lili paliwombo.

Anatilandira mwaulemu wonse: mipando pamthunzi, madzi akumwa, moni mmodzimmodzi. Amene ankayankhulira banjalo anali amalume ake a Tereza, a Zulu, bambo wofatsa wokhala ndi korona m'khosi. Titafotokoza chimene tadzera, anafunsa funso limene limafunsidwa paliponse.

"Tiuzeni, mnyamatayu ngwa mbumba yotani? Kwanuko kulibe chovuta?"

Ngakhale mwana amadziwa kuti nkhoswe pamenepa imayamikira. Ndi ntchito yake yokhayo. Koma a Fabiano anakhosomola, n'kuika buku pabondo.

"Tisanamizane, a Zulu. Bambo ake anafa ndi kachasu. Agogo ake aamuna, obala bambo akewo, anathera pachingwe, mutu utasokonekera. Zimenezi zimakhala m'magazi. Zimatha kudumpha m'badwo n'kukatulukira mwa zidzukulu, Afalansa analemba bwino kwambiri. Koma musadandaule, tonse tinachokera ku nyama imodzi."

Kalanga ine! Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinayesa kunena kuti Limbikani chibadwire sanalawepo dontho la mowa, kuti amaimba kwaya, koma ndani ankandimva? Amayi ake a Tereza anadzuka, anakutumula chitenje, n'kulowa m'nyumba. Kuseri kwa nkhokwe wina anayamba kulira, ndipo sindinafunike kuuzidwa kuti ndani.

A Zulu anatembenukira kwa a Fabiano. "Zikomo ponena zoona, aphunzitsi," anatero. "Ife zidzukulu timazifuna zabwinobwino." Kenako anatola nkhuku ija n'kundibwezera ndi manja awiri.

Pobwerera, kanta yomweyo inatitenga, nkhuku ili pamiyendo panga. A Fabiano ankangoti anthu akumudzi amaopa choonadi. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanawakankhira pansi. Ndinaphunzira kuti munthu akhoza kudziwa kumene moyo unayambira, osadziwa kumene moyo wa mwana wa mlongo wake wapachikika.

Tinafika m'tauni dzuwa litapendeka. Limbikani ankatidikira pasiteji, malaya atasita, m'manja muli mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi amene anatigulira. Sanatiyang'ane kumaso. Anayang'ana nkhuku.

"Amalume, yabwerera?"

Ndinamuuza zonse, chifukwa akanazimva ndithu kwa Tereza. Anaika mabotolo aja pansi bwinobwino, anawoloka msewu, n'kulowa m'bala imene ili moyang'anana ndi siteji. Mwana amene ndinamulera ine, woimba kwaya!

A Fabiano anandigwira paphewa, maso akuwala ngati apambana mayeso.

"Waona? Magazi."

Ndinawalanda bukulo n'kuliponya m'ngalande ya madzi akuda, kumene iwo amati moyo unayambira. Nkhuku ndinawasiyira m'manja, ine n'kuthamangira mwana wa mlongo wanga.