Chipsera cha Pageti

Dzina loti Nageti anamupatsa ndi amayi ogulitsa makala pakona, poti ankamuona tsiku ndi tsiku akuthamangira kugeti la abwana, nsalu ili m'manja, mwana akulendewera kumsana. Ntchito ya pagetipo palibe anamulemba. Wolembedwa ndi mwamuna wake, dalaivala wa adona, amenenso amatsuka galimoto zonse za panyumbapo. Koma kachipinda komwe amagona kuseri kwa galaja ndi ka abwana, ndipo wogona m'nyumba ya eni sadikira kuuzidwa kawiri. Mlonda atasiya ntchito, makiyi a geti anangopezeka ali pamsomali wa pakhomo pa Nageti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sukulu anaisiyira kusekondale mimba itayamba kuoneka, ndipo chimene anatsala nacho ndi makutu. Amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa thewera, amadziwanso galimoto ya adona isanatulukire pakona. Ya abwana yofiira ija, yogwandira pansi ngati chule, ndiye ngakhale gonthi akanaimva. Lamulungu lililonse masana abwana ankapita nayo kumsewu wa m'mapiri kukathamangitsana ndi anzawo. Pobwera inkabangula ili kutali, n'kufika ikununkha ngati mpoto wopserera, m'matayala mukutuluka mpweya wotentha woti Nageti ankadutsa chapatali, dzanja lili pamutu pa mwana.

Tsoka lake, geti lili pamtsetse, ndipo Lamulungu bambo a mwana amakhala atapita ndi adona kwa achibale. Galimoto inkafika mwina mwana ali pabere, mwina ali m'beseni sopo ali m'mutu. Hutala inkalira. Abwana ankaima pamenepo, phazi ataliunjika pabuleki, nkhope ili gwa, kudikira kuti Nageti apukute mwana, asake patapata, alimbane ndi loko wadzimbiri uja.

Tsiku lina abwana anatsika m'galimoto mtima uli m'mwamba. Akuti akaponda buleki ali paliwiro, chiwongolero chikumanjenjemera ngati munthu wa malungo, buleki n'kumabwezera phazi. Mnzawo wina anali atawauza kuti madisiki, mbale zachitsulo zija zimene buleki imagwira kuseri kwa tayala, amapindika munthu akawathira madzi ozizira ali amoto. Wothira madzi pagalimotoyo anali mmodzi yekha. Abwana sanazungulire: makaniko akangotsimikiza kuti ndi madzi, dalaivala amange katundu wake.

Bambo a mwana analumbira kuti yofiirayo amaitsuka Lolemba m'mawa, itazizira ngati mwala, koma analumbirira m'kachipinda, pamaso pa mkazi wawo ndi khoma. Chakudya anangochigwiragwira. Nageti anayang'ana denga losadontha lija, mpope wa madzi pakhomo pomwepo, kenako mwana amene chifuwa chinali chitangomusiya kumene. Kwawo kunali kodzaza kale, kwa apongozi anachokako mosatsanzikana bwino. Akanalowera kuti ndi khanda, mvula ili pamphuno?

Makaniko anabwera m'mawa mwake, bambo wonenepa amene aliyense amamutchula kuti a Sipanala, ndipo iwo mkazi aliyense ndi mlamu wawo. Anaika jeke, n'kuchotsa tayala lakutsogolo. Nageti anatuluka ndi matewera ouma kale n'kuyamba kuwayanikanso pachingwe chapafupi ndi galaja, limodzilimodzi, mosafulumira.

A Sipanala anazunguza disiki ndi dzanja. Inkayenda bwinobwino kenako n'kukhula pamalo amodzi, tswe, kuyendanso, tswe. Chitsulo chinali chitabiriwira ndi moto. Anapukuta ndi kansanza, n'kuitana abwana kuti awerame aone. Nageti, ali kuseri kwa thewera, anaona naye: chipsera chooneka bwino m'mbali mwake monse, ngati cha simbi yoiwalidwa pamalaya.

Makaniko anafotokoza kuti chimenecho ndi chidindo cha padi, kachitsulo kamene kamafinya disiki. Munthu ukathamanga n'kumaponda buleki pafupipafupi, chitsulo chimatentha koopsa, ndiye ukaima chiimire phazi lili pansi, padi imasiya khungu lake pamalo amodzi. Kuyambira pamenepo tayala likazungulira limapunthwa pomwepo, n'chifukwa chake manja amanjenjemera.

"Nanga mukatsika kumapiriko, bwana, mumaima pati nthawi yaitali?"

Abwana anaganiza, n'kupukusa mutu. Anati iwo saima paliponse, msewu umenewo ulibe ndi maloboti omwe, amachita kuwulukira kunyumba. A Sipanala anakanda m'mutu ndi sipanala yawo. Anati ngati zili choncho kaya, iwo si mneneri, mwina nkhani ya madzi ija ilipo ndithu.

Nageti anayang'ana mwamuna wake. Bambowo anali ataima ndi tayala m'manja, maso ali pansi, ndipo mmene analumira mlomo Nageti anadziwa kuti nawonso autulukira malo oima aja. Akanalola kumanga katundu kusiyana n'kuloza mkazi wawo chala. Koma kumanga katundu kunali kwa onse atatu. Nageti akayankhula, mlandu ukhala wake, ndipo wopanda ntchito yolembedwa kumuthamangitsa sikuvuta. Akakhala chete, kachipinda kapita basi. Anatuluka kuseri kwa chingwe.

"Ndi pageti, bwana," anatero, mawu akutuluka pang'ono. "Mumaima pageti. Mumadikira ine."

Mwana kumsana anali kalikiliki kutafuna makiyi a geti omwewo.

"Ha, mlamu!" a Sipanala anaphulika nako kuseka. "Ndiye kabwana kali kumsanako kayamba msanga. Mano kalibe, koma kadya kale madisiki awiri."

Abwana sanaseke. Anayang'ana geti, mtsetse uja, kenako Nageti, nthawi yaitali. Makaniko anapitiriza zake kuti madisiki akawapala, aika mapadi atsopano, ndipo chigawo chomaliza cha ulendo abwana aziyenda ngati anyamula mazira, mphepo iziziziritsa chitsulo asanafike poima.

"Dalaivala, ukagule loko wina lero," anatero abwana potsiriza. "Inu mayi, hutala isamalire kawiri."

Katundu sanamangidwe. Bambo a mwana madzulo ake anadya mpaka kunyambita zala, n'kumamuseka mkazi wawo kuti wasanduka makaniko wa pachingwe. Nageti anamwetulira pang'ono chabe, chifukwa iye anali ataona kale zimene bambowo sanazione.

Galimoto yofiira ija masiku ano imabwera chamwakachetechete. Siibangulanso ili kutali, imangotulukira pakona ngati mphaka, ndipo makutu aja amene ankamuchenjeza sathandizanso. Choncho Lamulungu Nageti amasambitsa mwana dzuwa lisanakwere, kumuyamwitsa ngakhale asanapemphe, n'kukakhala panjerwa kuseri kwa geti, loko watsopano atamumasula kale. Amayi a makala amamufunsa podutsa ngati amukweza paudindo. Iye amayankha moseka, maso osachoka pampata wa pansi pa geti, pamene pamaoneka matayala okha. Mwana amagona tulo tabwino pamiyendo pake, ndipo galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pakona, Nageti amadzuka naye.