Mbasela Amene Analanditsa Matumba Awiri

Mundikhululukire ngati sindilemba bwino, koma nkhani ya amayi oyandikana nafe kuno ku Chawama yandikhala pakhosi. Chichotsedwereni ntchito amuna awo ku fakitale, iwo amapita ku Kafue kukagula nsomba, kuziwamba okha, ndi kudzagulitsa kuno. Lamulo amalisunga mpaka kutopetsa. Disembala akafika, usodzi n'kutsekedwa miyezi itatu, sagula nsomba ngakhale imodzi. Amati, "Nsomba nayo ni mzimayi, muileke ibale."

Chaka chino anadzaza matumba awiri mu Novembala, natenga chikalata chosonyeza kuti anagula usodzi usanatsekedwe. Msodzi anawathirira mbasela pamwamba: tinsomba tosakhwima tokodwa mwangozi mu ukonde, toletsedwa kugulitsa. Kukana mbasela ndi mwano, choncho analandira.

Pobwerera, pamsewu oyang'anira za usodzi anamasula thumba.

"Bamayi, ivi ni vichani?"

"Ni ndiyo ya bazukulu, bwana. Pepa ni iyi."

"Pepa siikamba za twana twa nsomba."

Analanda matumba onse awiri, ati akawotcha. Mpamba wawo wonse unali momwemo.

Patapita sabata ndinawaperekeza ku msika wina. Sindikuloza munthu chala, ndikungolemba zimene ndinaona. Anaima pa thebulo la wogulitsa wina, natembenuza nsomba, nandionetsa mchira wodulidwa mbali imodzi, chizindikiro chimene amaika powamba.

"Kansi moto wao siunyeketsa?" anafunsa amayiwo.

"Bamayi, mugula olo mupita?" anatero wogulitsayo.

Anagula imodzi, chifukwa adzukulu anali asanadye.