Madzi a Mumsana wa Amuna Anga

Chaka chomwe matipate anayamba, ife ku Kawale tinali ndi nkhondo yathuyathu. Amuna anga, kalipentala wa ku Mchesi, anali atangomaliza kulandira mankhwala a khansa ya m'khosi pamene mutu unayamba kuwawawa osaleka. Adokotala anati atape madzi a mumsana, awatumize kunja. Kumeneko amadonthezeramo mankhwala omwe amakakamira maselo a khansa okha n'kuwapaka utoto wofiirira. Utoto ukagwira, ndiye kuti matenda akwera kumutu.

Amuna anga anakana kwamtuwagalu. Mpingo wonse unali nawo mbali imodzi, poti aliyense ankadziwa munthu yemwe anatapidwa madzi a mumsana Lachiwiri n'kuikidwa m'manda Lachinayi. Ine ndinangoti akuopa imfa, mpaka tsiku lina anandinong'oneza.

"Amayi, mphamvu ya mwamuna imakhala mumsana. Akakokolola zonse, m'nyumba muno ndidzakhala ndani?"

Mtima wanga ndi wapachala, ndimavomera. "Bambo, ana asanu sakukukwanani? Mukufuna timu ya mpira? Ine ndikufuna munthu wamoyo, zinazo tidzaona."

M'mawa mwake anavala jekete yakutchalitchi, tinapita kuchipatala. Adokotala anawapinda pabedi ngati bongololo. Amuna anga ataona kabotolo kake, timadzi toyera tosadzaza ndi supuni yomwe, anakhumudwa.

"Phokoso lonse lija, timeneti?" Kenako anapempha adokotala kuti totsala adzawabwezere.

Tinadikira mwezi ndi theka. Ndinkalalatira ana popanda chifukwa, chakudya osalowa. Ndinkachita mantha, ndisaname.

Tsiku la zotsatira adokotala anangoti, "Utoto sunagwire."

"Ndinadziwa," anatero amuna anga mokwiya. "Anasungunula ndi chiyani? Anapaka kangati? Ntchito yothamangira imatero."

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anafotokoza kuti khansa mulibe m'madzimo, mutuwo unali wa kuthamanga kwa magazi. Ine ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, chitenje chili kumaso.

Pobwerera tinakwera minibasi. Titawoloka mlatho, amuna anga, maso ali pawindo, anati, "Kuseri kwa shedi ndinabisa matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa. Ndinali nditadziyeza kale, sindinkafuna anyamata anga a kuntchito adzandikhomere bokosi lopindika. Ndikupangirani kabati."

Kabatiyo ili kuchipinda mpaka lero. Kutalika kwake ndi msinkhu wawo ndendende.