Tsiku Limene Maliro Anandiletsa Kukwera Njinga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, pamene ndinathamanga mpikisano umene aphunzitsi athu ankautcha malathoni. Ine sindinali wothamanga. Ndinali mwana wa matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mitundu, ndipo nyengo ya fodya ikafika, miyendo yanga inkadziwa njira imodzi yokha, ya kumunda ndi kuchigafa. Anzanga akamakonzekera mpikisano masana, ine ndinkakhala ndikusoka fodya ndi amayi, zala zili bii.

Wothamanga weniweni anali mnzanga Esinati. Mtsikana ameneyu akaliyatsa liwiro, anyamata ankawerama n'kumamanga zingwe za nsapato zomwe analibe. Koma lamulo la mpikisano wa masukulu a m'dera lathu linali lakuti sukulu ibweretse atsikana anayi, ndipo onsewo amalize ndi miyendo yawo. Mmodzi akalephera, ngakhale wopambanayo sapita ku mpikisano waukulu wa ku Nathenje. Wachinayi wathu atadwala malungo, a Mbewe, aphunzitsi a zamasewero, anamwaza maso m'kalasi n'kuloza ine. Chimene anaona mwa ine ndi kutalika basi.

Kutatsala masiku ochepa, ndinaponda chitsa chosongoka cha fodya ndipo chinandilasa pachidendene. Amayi anatsuka balalo ndi madzi amchere, ine ndikukuwa mpaka agalu a kwa kapitawo anandiyankha. Analimanga ndi kansalu n'kundiuza kuti za mpikisanozo ndiiwale. Koma Esinati anali atachapa kale diresi lopitira ku Nathenje, ndipo chibadwire anali asanakwerepo minibasi. Ndikanamuuza kuti chiyani? Ndinawachonderera amayi mpaka anangoti, "Mwendo ndi wako."

Tinayambira pafupi ndi msika, tonse osavala nsapato, n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'midzi. A Mbewe ankabwera pambuyo pa njinga yawo kuti azitola olephera. Poyamba ndinadzinamiza kuti zinthu zikuyenda. Koma dzuwa litakwera, kansalu kanamasuka n'kutsala penapake, mchenga unalowa m'bala, ndipo chifuwa chinayamba kutentha ngati ndameza khala. Anzanga onse anazimiririka. Ndinkangomva tcheni cha njinga chikulira kumbuyo kwanga, ndipo kulira kwake kunayamba kundikomera.

"Feliya, kwera," anatero a Mbewe. "Magazi awa achuluka. Esinati adzapita chaka chamawa."

Chaka chamawa kunalibe, chifukwa Esinati anali mu Sitandade 8. Tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Komabe ndinagwedeza mutu kuvomera, misozi ili chuchuchu. Ndinali nditathedwa.

Ndikufikira dzanja pa kaliyala, tinakhota pa gulaye n'kuona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. M'mudzimo munali maliro. A Mbewe anatsika msanga, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti pakati pa masamba a maliro sipakweredwa njinga ndipo sipathamangidwa. Ngakhale Esinati, monga ndinamva pambuyo pake, anadutsa pamenepo akuyenda, manja ali kumbuyo.

"Ukwera tikadutsa masamba a kutsogoloko," anandinong'oneza a Mbewe.

Ndinayenda motsimphina. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, azimayi akuimba nyimbo ya tchalitchi motsitsa mawu. Kuyendako kunandibwezera mpweya. Kenako mayi wina amene anakhala pakhonde la nyumba ya siwa anadzuka, maso ali otupa, n'kubwera kumsewu.

"Mwana iwe, taima. Phazi limenelo ukupita nalo kuti?"

Ndinagwada monga mwa ulemu, ndipo iwo anangondikankhira pansi kuti ndikhale. Anaitanitsa madzi m'kapu, n'kuika phazi langa lafumbilo pamiyendo pawo. Anachotsa mchenga ndi chala, ine ndikuluma mlomo chifukwa pamaliro a eni sungakuwe za chidendene. Atatero anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo ndi mano, n'kupinda kachigamba kochindikala pansi pa chidendene, n'kumanga mozunguliza mpaka m'kakolo.

"Pondera zala, chidendene chisagunde pansi," anatero. "Kwatsala patali, aphunzitsi?"

"Kwatsala ndithu, mayi. Koma akwera njinga."

Mayiwo anandiyang'ana. "Ukufuna kukwera?"

Ndinawauza za Esinati, mawu akudukaduka. Sananditame ndipo sanandilangize. Anangomangitsa mfundo kachiwiri n'kunena kuti, "Ndiye nsaluyi ikakufikitsa."

Titadutsa masamba achiwiri, a Mbewe anaimika njinga n'kundidikira. Ine ndinayang'ana phazi langa. Munthu anali atasiya maliro ake, n'kuwononga chitenje chake chifukwa cha phazi limeneli, ndiye ine ndilinyamule pa kaliyala ngati thumba la mgaiwa? Ndinawadutsa aphunzitsiwo. Kumene ndinkachitako sikunali kuthamanga kwenikweni, kunali kujowajowa kwa nkhuku yomangidwa mwendo, koma sindinaimenso.

Ndinafika womaliza, anthu ena atayamba kale kubalalika. Esinati, amene anapambana, anali ataima pamzere womalizira osalawa ngakhale madzi. Atandiona anakuwa dzina langa mpaka mawu anasasa, ndipo anandigwira ndisanagwe. Ku Nathenje anapita. Ine ndinamva za ulendowo ndili chigonere pamphasa, phazi litatupa, amayi akundikalipira uku akundithowa.

A Mbewe ndi amene anadzandiuza kuti malirowo anali a mlongo wawo wa mayi aja, wobadwa nawo bere limodzi. Dzina la mayiwo sindinalidziwe, ndipo chaka chotsatira bambo anasamukira ku esiteti ina, ndisanapeze mpata wopita kukagwada pakhomo pawo.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi ngati ya kulimba mtima kwanga. Lero ndine mayi wamkulu, ndaikapo abale anga m'manda, ndipo ndikudziwa mmene maso amachitira mdima pa tsiku lotero, moti ngakhale mwana wako weniweni sumuona. Mayi aja, pa tsiku lotero, anaona chidendene cha mwana wa eni. Ndimawathokoza mpaka lero, ndipo zimandiwawa kuti sanamvepo zikomo wanga.