Galu Womva Chitonga Chokha

Chaka chimene ndinasamukira ku Nkhata Bay kudzaphunzitsa, mayi oyandikana nawo nyumba, namwino wopuma pantchito, anandisiyira galu wawo. Ankakwera sitima kupita ku Likoma kukadwazika mchemwali wawo.

"Aphunzitsi, ndi masabata awiri okha," anatero. "Saluma ameneyu, amangofuna pali anthu."

Anaiwala kundiuza kuti galuyo ankamva Chitonga chokha. Ine wa ku Dedza ndikati, "Bwera kuno!" iye ankangondiyang'ana, uku akugwedeza mchira.

Loweruka lina tinayenda mpaka ku gombe la Chikale, ndipo galu uja analunjika pa thandala la usipa. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mayi wina amene ankayanika usipawo anangoti, "Za kunu!" Galu anatembenuka pomwepo n'kukakhala pamapazi pawo. Amayi onse amene anali pamenepo anafa nacho chiseko, ndipo sanandilole kuchoka ndisanaloweze mawu oitanira galu ndi omuthamangitsira.

Mwiniwake anabwerako patatha mwezi wathunthu, n'kundipeza pakhonde ndikukalipira galu wawo m'Chitonga chopotoka. Anaseka mpaka kutsamira khoma, kenako anandifunsa ngati ndingadzamusungenso pa Khirisimasi. Ndinavomera asanamalize n'komwe kufunsa.