Chikombole cha a Zimba

Ntchito ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, amene ankagulitsa nyemba pamsika wa pa boma. Anamva kuti a Zimba, mkulu amene anabwerera ku Lundazi atapuma ntchito kumigodi, akufuna munthu wodziwa kutaipa. Ndinapita ndikuganiza kuti ndizikalemba makalata. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, kompyuta imodzi yofunditsidwa chitenje, ndi bambo wouma pakamwa.

A Zimba ankapangira masukulu ndi masitolo mapulogalamu, koma sankayamba chilichonse pachiyambi. Anali ndi zidutswa zokonzeratu m'chinenero cha kompyuta cha Visual Basic: zenera lolowetsera mayina, zenera lofufuzira, mabatani osungira ndi osindikizira. Zonsezi ankazitcha chikombole. Kasitomala akabwera, tinkakopera zidutswazo pa disiketi, kuzilumikiza, n'kusintha mawu basi.

Ine ndinali ndi matama achitsikana. Ndinkafuna kujambula mazenera angaanga, obiriwira, a timabatani tating'ono. Mabatani awo anali aakulu ngati zitumbuwa, zilembo zakuda bii, ndipo ndinkawaseka pamaso.

"NyaGondwe, woumba njelwa sasema chikombole m'mawa uliwonse," ankatero.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya ku Mwase anafika pa njinga. Ankafuna pulogalamu yolembera ana ogonera pasukulu, ndipo ikapanda kutha tsiku lomwelo anati aipititsa ntchitoyo ku Chipata. Ife tinali titakhala nthawi yaitali opanda kasitomala, kachipinda kathu katatsala pang'ono kutsekedwa. A Zimba anayatsa kompyuta, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda galasi, kenako anatembenuza mpando n'kuyang'ana kukhomo.

"Siniona, mwana wanga. Ni nkhungu chabe. Nkhala apa."

Ndinamvetsa nthawi yomweyo chifukwa chake zilembo zinkakulirakulira mwezi ndi mwezi. Mtima unandiwawa, koma ndinakhala pa kompyutapo. Iwo ankatchula zidutswa pamtima, ine ndikuzikoka ndi mausi n'kuziika pazenera. Pena ndinaiwala kulumikiza batani losungira. Ndinalidina, aphunzitsi akuyang'ana, ndipo pagalasi zonse zinaoneka bwinobwino.

"Disiki sinalile," anatero a Zimba osacheuka. "Bwelela."

Ndinabwerera, ndinalumikiza, disiki inalira. Dzuwa lisanalowe aphunzitsi analowetsa dzina la mwana woyamba, analifufuza, analipeza, n'kuthokoza a Zimba m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, adada." A Zimba analoza kumene kunali ine, ngakhale analoza pambali pang'ono.

Sanakhalenso pa kompyuta. Ankabwerabe m'mawa atagwira ndodo, n'kukhala pafupi ndi khomo kumvetsera ine ndikugwira ntchito, mpaka chaka chimene tinakawaika kumudzi kwawo ku Chikomeni.

Mpaka lero chidutswa chilichonse ndimachilemba choti wina adzachigwiritse ntchito ine kulibe. Makompyuta a masiku ano amasunga zinthu mwakachetechete, salira. Koma ndikadina batani losungira ndimayamba ndadikira kaye pang'ono, chifukwa ndimawasowa kwambiri bambo aja amene ankandiuza kuti ndalakwitsa atandifulatira.