Mbale ya Mpunga pa Sadaka ya a Waziri

Husna ndi mdzukulu wa malemu a Waziri a ku Chinakanaka, mwana woyamba pa mtundu wonsewo kugwira ntchito mu ofesi. Ali ku khonsolo, kumene amathandiza makhansala kukonza malamulo. Amafufuza, amafunsa anthu, nkulemba. Koma dzanja sakweza ayi. Okweza manja kuti lamulo lidutse ndi makhansala eni ake.

Chaka chatha kunatuluka lamulo lochotsa ogulitsa zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu. Husna anali atawauza akuluakuluwo kuti ayambe afolera shedi ya mumsika, anthu asakakhale pamvula. Mawu akewo anawadumpha, lamulo nkudutsa. Amayi ogulitsawo atapita kukadandaula kwa khansala wawo, a Morris, bamboyo anangotambasula manja, amvekere iwo sadziwa kanthu, olemba ndi ana a mu ofesi.

Basi dzina la mwana wa eni linaipa msika wonse. Ngakhale mayi ake aang'ono, a Sabrina, amene anamubereka kumsana ali khanda, analeka kuyankha moni wake. Manyazi alibe anthu!

Linafika tsiku la sadaka ya a Waziri. Husna anavala chitenje, nalawirira kuseri kwa nyumba kumene amayi ankapeta mpunga. Atatola lichero, a Sabrina anamulanda. Anati manja olemba malamulo asakhudze chakudya cha bambo awo. Mwana anakakhala yekha pa mtondo ngati mlendo, pa sadaka ya agogo ake omwe anamulipirira sukulu.

A shehe atamaliza pemphero la duwa, ndani uyo watsika pa njinga yamoto? A Morris. Anawapatsa mpando, madzi osamba m'manja, amayi omwewo nkumawasankhira nyama yonona.

Apa Husna mtima unamuwira. Ananyamula mbale ya mpunga ya a khansalawo asanamuletse, nadutsa nayo pabwalo mpaka kwa abambo. Anagwada bwinobwino monga analeredwera, koma mbale sanaitule.

"A khansala, amayi anga ali apowa akufuna amve kwa inu. Tsiku lija ku khonsolo ndinati tiyambe tafolera shedi, inu munati chiyani? Nanga pokweza manja, lanu linali kuti?"

A Morris anaseka, nati zimenezo si zokamba pa sadaka, mwana alemekeze malemu. Husna anangogwadabe. A shehe anawayang'ana osaphethira. Bambo uja anasamba m'manja kachiwiri, anapukuta, kenaka chapansipansi anavomera kuti dzanja anakwezadi, poti anzawo onse anakweza.

Husna anatula mbale nabwerera kuseri, kumene amayi anali atamva zonse. A Sabrina sanapepese, sadziwa kupepesa amene aja. Anangomukankhira chipande m'manja.

"Iwe, ukuimiranji ngati mtengo? Gawa mpunga, ana akulira."

Shedi mpaka lero sinafoleredwe. Koma mumsika moni wa Husna akuyankha.